ZA M'MAIKO ENA: Ulendo Wokaona Zojambula za Makolo m'Mapanga a ku Australia

Akulu anati mwana wosayenda amayesa kuti amake okha ndiwo adziwa kuphika. Sabata ino danga lino litengera awerengi kutali, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya India, ku dziko la Australia. Kumeneko magulu a anthu amayenda mitunda yaitali, kukwera matanthwe ndi kupirira dzuwa loswa mtengo, kuti akaone zithunzi zimene eni dziko anajambula m'mapanga. Eni dzikowo ndi anthu akuda ochedwa Aaborijini, amene Angerezi anawapeza pamene anafika kudzakhala m'dzikomo m'caka ca 1788.

Malo ochuka koposa pa zojambula zimenezi ndi Kakadu, kumpoto kwa Australia, m'cigawo ca Northern Territory. Boma la dzikolo linapatula malowa m'caka ca 1979, ndipo m'caka ca 1981 bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Ukulu wace ndi masikweya kilomita pafupi-fupi 20,000, ndiye kuti acepa pang'ono kwa malo osungirako nyama a Kafue, koma aposa kawiri a South Luangwa. M'kati mwace muli malo a zojambula okwana ngati 5,000 amene analembedwa kale m'mabuku.

Kakadu ali kumwera kwa mzere wogawa dziko pakati, pa mtunda wofanana ndi wa cigawo ca Kum'mawa ca dziko lino. Cotero nyengo zace sizisiyana kweni-kweni ndi za kuno. Mvula yamphamvu imagwa kuyambira December kufika March, mitsinje nisefukira ndi kutseka miseu. N'cifukwa cace magulu ambiri amapanga ulendo wao pakati pa May ndi September, pamene madzi aphwa ndipo kutentha kwacepako.

KUNYAMUKA

Gulu lotere limanyamuka mu mzinda wa Darwin m'bandakuca. Mumakhala anthu a misinkhu yosiyana-siyana: ana a sukulu ndi aphunzitsi ao, nkhalamba zopuma pa nchito, ndi alendo a maiko akutali. Aliyense amanyamula cipewa, nsapato zolimba ndi mabotolo a madzi, pakuti oyang'anira malowa amalangiza kuti woyenda pansi azimwa lita imodzi pa ola lirilonse.

Kucokera ku Darwin kufika ku tauni yaing'ono ya Jabiru pali makilomita ngati 250. M'njira muli zulu zazitali kupambana munthu, ndiponso utsi umaoneka uku ndi uku, cifukwa eni dziko amatentha thengo msanga, udzu usanaumitsitse, kuti moto waukulu wa m'cilimwe usadzaononge mitengo ndi nyama. Kucoka pa Jabiru galimoto limakhotera kumpoto ndi kuyenda makilomita ena 40 kufika pa Ubirr, gulu la matanthwe loimirira m'mbali mwa dambo lalikulu, pafupi ndi mtsinje wa East Alligator. M'mtsinje umenewu palibe amene amayesa kusamba, pakuti muli ng'ona zazikulu zoopsa.

Asanayambe kuyenda, wotsogolera amasonkhanitsa gulu lonse ndi kulipatsa malamulo. Munthu asakhudze cithunzi ngakhale ndi cala cimodzi. Asapatuke m'njira yoikidwa. Asalembe kanthu pa mwala. Mowa pa Ubirr ndi woletsedwa, pakuti eni malo anapempha tero. Wotsogolerayo amakumbutsanso kuti malowa ali ndi eni ace, amene kumpoto kwa Kakadu amadzicha Bininj ndipo kumwera Mungguy, ndi kuti aliyense wofikapo ndi mlendo pakhomo pa anthu.

NSOMBA ZOONEKA MINGA

Njira yozungulira pa Ubirr ndi ya kilomita imodzi cabe, koma gulu limatha maola awiri kapena atatu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyamba mlendo amaona ngati mwala uli ndi mawanga ofiira ndi oyera opanda tanthauzo. Akaima kanthawi maso nazolowera mthunzi, zithunzi zimayamba kutuluka cimodzi-cimodzi, zina pamwamba pa zinzace.

Pansi pa thanthwe lalikulu lolendewera ngati khonde pali mzere wa nsomba zazikulu zochedwa barramundi, akamba a m'madzi a makosi atali, ang'azi, ndi nyama zija zodumpha ndi miyendo yakumbuyo zimene zimabereka ana m'thumba la pamimba. Codabwitsa n'cakuti wojambula sanalekere pa khungu. Anasonyeza msana, minga, mtima, matumbo ndi mafuta, monga momwe cithunzi ca X-ray ca ku cipatala cimaonetsera za m'kati mwa munthu. Mlenje kapena msodzi aliyense angazindikire kuti amene anajambula zimenezi anali munthu wodziwa kutumbula ndi kugawa nyama. Zambiri mwa zithunzi za mtundu uwu n'za m'zaka 1,500 zapitazi, nthawi imene madambo a madzi abwino anacuruka m'deralo ndipo zakudya zinali mbwee.

Utoto wace unali wa m'nthaka momwemo. Wofiira unacokera ku mwala wa citsulo wonga katondo, wacikasu ku miyala ina yofewa, woyera ku dothi loyera, ndipo wakuda ku makala kapena mwala wakuda. Anali kupera miyalayo pa thanthwe ndi kusakaniza ndi madzi. Polembera anali kugwiritsa nchito tsitsi la munthu, nthenga, bango, kapena kamtengo kotafunidwa kunsonga ngati mswaci. Pofuna kusiya cizindikiro ca dzanja, munthu anali kuika cikhatho pa mwala ndi kupemerera utoto wa m'kamwa mozungulira zala. Mwa mitundu yonseyi wofiira ndiwo ukhalitsa, cifukwa umalowerera m'mwala. Azungu atafika, ojambula ena anayamba kugwiritsanso nchito buluu wocapira zobvala, yemwe uja amai ambiri kuno amamudziwa.

Kumapeto kwa thanthwelo, pamwamba ndithu, wotsogolera amaloza kanyama konga galu kokhala ndi mizere kumsana. Imeneyi ndi nyama yochedwa thylacine. Pa mtunda waukulu wa Australia inatha zaka zoposa 2,000 zapitazo. Inatsala pa cisumbu ca Tasmania cokha, ndipo yotsiriza yodziwika inafa mu mzinda wa Hobart m'caka ca 1936. Munthu amene anaijambula pa Ubirr anaiona ndi maso ace iri moyo. Pafupi pomwepo pali cithunzi ca Mzungu wobvala malaya ndi nsapato, manja ali m'matumba. Akuti ndi mmodzi wa alenje a njati amene anayamba kufika m'deralo ca m'ma 1880. Motero thanthwe limodzi lasunga nyama imene inatha kale-kale pamodzi ndi mlendo amene anafika dzulo-dzuloli.

SUKULU YA PA MWALA

Zithunzi zina n'za cilangizo. Cimodzi n'ca munthu woonda wonyamula mikondo, coponyera mikondo, thumba ndi cokupizira, dzina lace Mabuyu. Dzinali lingofanana ndi la zipatso za mlambe, koma palibe cibale. Nthano yace imati tsiku lina Mabuyu anali kukoka nsomba zace pa cingwe pocokera kokawedza, ndipo munthu wina waumbombo anadula cingweco naba nsombazo. Mabuyu anadikira kufikira akubawo atadya ndi kugona m'phanga, ndipo anatseka khomo la phangalo ndi cimwala cacikulu. Onse anafera momwemo, olakwa ndi osalakwa omwe. Ana anali kuimikidwa patsogolo pa cithunzici ndi kuuzidwa kuti kuba kwa munthu mmodzi kumapha mudzi.

Pali zinanso zoonda ngati udzu, zojambulidwa pa denga la phanga pamene munthu sangafike. Eni dziko amati zimenezi zinajambulidwa ndi mizimu yochedwa Mimi, imene imakhala m'ming'alu ya miyala, ndipo inatsitsa thanthwe, nijambula, nilibwezeranso kumwamba. Pena pali njoka ya utawaleza, imene m'cikhulupiriro cao inapanga mitsinje ndi maiwe podutsa m'dzikomo.

Apa mlendo wofunsitsa amapeza malire. Nthano zimenezi ziri ndi masitepe. Imene imauzidwa kwa alendo ndi yoyamba, yomwe amauza ana. Zozama zimasungidwira amene analowa mwambo, zina za amuna okha ndi zina za akazi okha. Palinso mapanga amene alendo saloledwa kufikako konse. Kwa Mzungu wa m'tauni cimeneci cimakhala cobvuta kumva, koma kwa anthu a m'midzi ya kuno, amene adziwa kuti za ku dambwe ndi za m'tsimba siziululidwa pa bwalo, palibe cacilendo.

Dzuwa likapendeka gulu limakwera kanjira ka miyala ka mamita 250 kufika pamwamba pa thanthwe. Acinyamata amagwira nkhalamba pa mkono. Pamwambapo dambo la Nadab limaoneka lonse, lobiriwira mpaka kumene maso alekezera, mbalame za m'madzi ziri yakali-yakali, ndipo kum'mawa kuli zipupa za miyala za dziko la Arnhem Land. Anthu amakhala pansi ndi kuonerera dzuwa likulowa, ndipo ngakhale olongolola amayamba kulankhula motsitsa mau.

TSIKU LACIWIRI

M'mawa mwace gulu limapita kumwera kwa Jabiru, ku phiri la Burrungkuy, limene mabuku ambiri amalicha Nourlangie. M'tsinde mwace muli phanga lalikulu lozizira bwino limene anthu akhala akubisalamo mvula kwa zaka 20,000. Pa miyala ya pansi pakali maenje osalala amene anali kupereramo zakudya ndi utoto.

Patsogolo pang'ono pali cipupa ca Anbangbang, cimene zithunzi zace zafalitsidwa m'maiko ambiri. Pamenepo pali Namarrkon, mwini mphezi. Mzere wa ng'anima wamzinga kucokera kumutu kufika kumapazi, ndipo m'maondo ndi m'zigongono muli nkhwangwa za mwala zimene amamenya nazo mitambo kuti kugunde. Ana ace ndi ziwala zofiira ndi zobiriwira zimene zimaoneka mvula ikayandikira. Pambali pace pali mkazi wace Barrginj, ndiponso Namondjok, amene anaphwanya lamulo la ukwati pogona ndi mlongo wace.

Alendo ambiri amayesa kuti zithunzi zimenezi n'za zaka zikwi-zikwi, ndipo amadabwa akamva kuti zinajambulidwa m'zaka za 1963 ndi 1964. Anazijambula ndi mkulu wina dzina lace Nayombolmi, amene Azungu anali kumucha Barramundi Charlie. Iye anagwira nchito kwa Azungu zaka zambiri, ndipo atabwerera ku phirili anapeza kuti mabanja amene anali kukhalapo anatha ndi matenda kapena anabalalika. Pa mwambo wao, kujambulanso pamwamba pa cithunzi cakale si kuononga ai, malinga wojambulayo akhale ndi ufulu ndi cidziwitso ca nthanoyo, pakuti nchito ya kujambulayo ndiyo yofunika kuposa cithunzi. Nayombolmi anajambulanso mizimuyo, ndipo pansi pace anaika magulu a amuna ndi akazi, ngati kubwezera anthu pa malo amene anasanduka bwinja. Anamwalira m'caka ca 1967, ndipo amawerengedwa pakati pa otsiriza mwa akatswiri akulu ojambula pa miyala m'deralo.

Pano gulu limagawikana. Ofooka amatsala m'mithunzi ya m'tsinde, ndipo olimba amatenga njira ya Barrk, ya makilomita 12, imene imadya maola 6 kapena kuposa. Dzinali n'la nyama yamphongo yakuda yodumpha imene imakhala m'miyalamo. Njirayi imakwera motsetsereka pakati pa matanthwe, nidutsa pamwamba pa phiri pamene miyala yaima ngati zipilala ndipo udzu wace umabaya ngati singano. Mthunzi ndi wosowa, nchenche sizipatsa mpata, ndipo wotaya zizindikiro za njira angasocere mosabvuta. N'cifukwa cace amayenda mondondozana, wotsogolera patsogolo ndi wina wamphamvu pambuyo, ndipo pa mpumulo uliwonse amawerengana.

Akatsikira mbali ina ya phiri amafika pa phanga la Nanguluwurr. Pakati pa zikhatho za manja ndi nsomba pali ngalawa ya mathanga, ya milongoti iwiri, ikukoka kabwato kumbuyo. Ngalawa zotere zinali kubweretsa katundu ku misasa ya alenje a njati pakati pa 1880 ndi 1950. Wojambulayo anaiona kugombe, nayenda nayo m'mutu mtunda wautali, nadzaionetsa kwa abale ace pa mwala.

ADANI A ZITHUNZI

Akatswiri ofukula zakale amati zojambula zina za ku Kakadu zafika zaka 20,000. Pa phanga la Madjedbebe, pafupi ndi Jabiru, ofufuza analengeza m'caka ca 2017 kuti anapeza zida za mwala ndi utoto wopera zosonyeza kuti anthu anakhalapo zaka 65,000 zapitazo, ngakhale akatswiri ena amatsutsa kuti zakazo zacuruka. Koma cinthu cimene capirira nthawi yaitali cotere cikhoza kuonongeka m'caka cimodzi.

Madzi a mvula oyenderera pa mwala amatsuka utoto, cotero alonda amamata kamzere ka phula lapadera pamwamba pa cithunzi kuti madzi apatuke. Mabvu amamanga zisa pa zithunzi, ciswe cimamanga njira zace, ndipo njati ndi nkhumba zolowerera kuthengo zimadzikhula pa miyala. Pfumbi la mapazi a alendo nalonso limaononga, n'cifukwa cace anamanga njira za matabwa ndi mipanda.

Mdani wina ndi cuma ca pansi pa nthaka. Pakati pa Kakadu panali mgodi wa uranium wa Ranger, umene unaleka nchito mu January 2021 utagwira zaka ngati 40. M'caka ca 1998 anthu a fuko la Mirarr, motsogozedwa ndi mai Yvonne Margarula, anakana mgodi wina pa Jabiluka. Anthu zikwi anabwera kudzawathandiza kutseka njira, ndipo mgodiwo sunapitirire. Kumadzulo kwa Australia zinthu sizinathe bwino cotero. Mu May 2020 kampani ya Rio Tinto inaphulitsa mapanga awiri pa Juukan Gorge, m'mene munali zizindikiro zakuti anthu anakhalamo zaka 46,000 zapitazo, pofuna kukulitsa mgodi wa citsulo. Lamulo la nthawiyo linalola. Dziko lonse linakwiya ndipo mkulu wa kampaniyo anatula pansi udindo, koma mapangawo sanabwerere.

Komabe mdani woposa onse sacita phokoso. Azungu asanafike, m'dera la Kakadu munali zinenero ngati 12, koma lero zolankhulidwa masiku onse zatsala zitatu. Dzina lakuti Kakadu linacokera ku cinenero ca Gaagudju, ndipo mkulu wotsiriza wocilankhula bwino, bambo Bill Neidjie, anamwalira m'caka ca 2002. Mkulu ameneyu anakulira m'dera la Ubirr, ndipo anali mmodzi wa amene anabvomera kubwereka dziko lao ku Boma kuti lisungidwe ndi kuonedwa ndi alendo. Poona kuti anzace a msinkhu wace akutha, analola kuti mau ace alembedwe m'buku lochedwa Kakadu Man, limene linatuluka m'caka ca 1985. Anadziwa kuti mpanda ungachinge njati, koma sungasunge tanthauzo la cithunzi ngati wolidziwa wapita kumanda osauzako mwana.

Lero eni dziko ndiwo ocuruka m'bungwe loyendetsa Kakadu, ndipo m'caka ca 2022 Boma linawabwezera pafupi-fupi theka la malowa limene linali lisanabwezedwe. Acinyamata ao ena ndi alonda ndi otsogolera alendo. Ena amajambula nsomba ndi mizimu yomweyo pa makungwa a mitengo ndi pa mapepala, nagulitsa pa nyumba ya luso ya Injalak m'mudzi wa Gunbalanya, kutsidya kwa mtsinje wa East Alligator.

NANGA KUNO KWATHU?

Si onse angakwere ndeke kupita ku Australia, koma mapanga a zojambula alipo pafupi. M'cigawo ca Kum'mawa muli Thandwe kufupi ndi Chipata, Kalemba ku Chadiza, ndiponso Mkoma ndi Makwe ku Katete. Ku Kasama kuli miyala ya Mwela, ndipo ku Malawi mapiri a Chongoni, okhala ndi malo a zojambula 127, analowa m'kaundula wa UNESCO m'caka ca 2006.

M'mapanga amenewa muli zojambula za mitundu iwiri. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, akuti n'za Akafula, anthu afupi-afupi aja osaka nyama amene makolo anawapeza m'dziko muno. Akafula anatha, ndipo matanthauzo a zojambula zao anapita nao, kotero kuti lero ngakhale ophunzira kwambiri amangoyerekeza. Zoyera, zopakidwa ndi zala, n'za Acewa, ndipo zambiri zikhudza cinamwali ndi Nyau. Za izi akalipo anamkungwi ndi akulu ena amene angadziwe kanthu.

Mapanga ena kuno adetsedwa ndi utsi wa moto wa abusa ndi osaka mbewa, ena alembedwa maina ndi makala. Malo otere ali m'manja mwa bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo kuwaononga ndi mlandu, koma bungwe silingaike mlonda pa phiri lirilonse. Mlonda weni-weni ndi mfumu ya mudzi, mphunzitsi ndi kholo.

Aphunzitsi amene akonza ulendo wa ana wopita ku phanga lapafupi angatengereko nzeru ku magulu a ku Kakadu. Ayambe apempha kwa mfumu ya malowo. Anyamule madzi okwanira, awerengane popita ndi pobwera, ndipo asalole mwana kukhudza kapena kuthira madzi pa cithunzi kuti cioneke bwino. Koposa zonse, asasiye kumudzi nkhalamba yodziwa mbiri ya phirilo. Ngati miyendo yace yafooka, ayende nayo pang'ono-pang'ono, kapena aikweze pa njinga kufika m'tsinde, ndipo zimene idzanene poyera ana azilembe. Akulu-akulu ndi m'dambo mozimira moto, koma nao sakhala mpaka muyaya.